Chipewa cha Chilembwe M'mphepo ya ku London

Lolemba, 24 Okutobala 2022

Ndinafika kuno Loweruka, koma masiku awiri oyambirira ndinawathera m'nyumba, ndikulimbana ndi chisanu komanso kuyankha mafunso a mwana wanga, amene anafuna kumva za aliyense wa kumudzi, kuyambira amoyo mpaka amene tinawaika m'manda iye ali kuno. Lero m'mawa, iye atapita ku ntchito yake ya unamwino, mdzukulu wanga wamkazi wa zaka 15, yemwe sabata ino ali patchuthi, ananditsogolera pa sitima yapansi panthaka kukafika ku Charing Cross, ndipo titakwera masitepe n'kutulukira pabwalo la Trafalgar Square ndinaona chimene chinandichititsa kuvomera ulendo umene ndakhala ndikuukana kwa zaka zambiri.

Pabwaloli pali nsanja zinayi zamiyala. Pa zitatu pali ziboliboli za Mfumu George IV ndi akuluakulu awiri a nkhondo, Henry Havelock ndi Charles James Napier, amene mbiri yawo anaipangira ku India. Yachinayi inamangidwa mu 1841 kuti pakhale chiboliboli cha Mfumu William IV ali pakavalo, koma ndalama zinaperewera, nsanjayo n'kukhala yopanda kanthu kwa zaka zoposa 150, kufikira mu 1999 pamene anayamba kuikapo ntchito za amisiri amakono mosinthanasinthana. Kuyambira pa 28 Sepitembala chaka chino paima M'busa John Chilembwe, wotalika pafupifupi mamita 5, atavala suti ndi chipewa, ndipo pafupi naye pali mmishonale John Chorley, wa msinkhu wa munthu wamba, amene poyerekeza ndi mnzakeyo akuoneka ngati kamwana koperekeza bambo ake kumsika. Mmisiri wake ndi Samson Kambalu, Mmalawi wobadwa mu 1975 amene amaphunzitsa zaluso ku yunivesite ya Oxford.

Ndaphunzitsa mbiri yakale kusekondale kwa zaka 34, ndipo chithunzi chimene Kambalu anatengerako ntchitoyi ndachiona kosawerengeka. N'chotuwa, chosakwana chikhatho chikasindikizidwa m'buku, ndipo chinajambulidwa mu 1914 potsegulira tchalitchi cha njerwa cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Amuna awiriwa aima pamodzi, onse atavala zipewa. Ndivomere pano kuti zaka zonsezo chipewacho sindinachilabadirepo. Ndinkaphunzitsa za thangata, za msonkho, za minda ya A. L. Bruce ku Magomero, za usiku wa pa 23 Januwale 1915, ndi za imfa ya Chilembwe pa 3 Febuluwale chakufupi ndi Mulanje, chifukwa zimenezo ndizo zinkabwera pamayeso. Komatu masiku amenewo munthu wakuda akakumana ndi mzungu panjira ankayenera kuvula chipewa, ndipo wochedwa kuvula ankamva mfuu yoti "Chotsa chipewa!", mwinanso n'kumenyedwa kumene. Choncho munthu woima pafupi ndi mzungu pamaso pa kamera, chipewa chili kumutu, ankadziwa bwino chimene akuchita. Chithunzicho chasunga zimenezi mokhulupirika kwa zaka 108, ine n'kumachiyang'ana osaonapo kanthu, mpaka mmisiri atachikuza moti sichingathekenso kuchilambalala.

"Agogo, ameneyu si wa pa ndalama uja?" anandifunsa mdzukulu wangayo m'Chichewa chake chotsimphina. Ndinatulutsa K2,000 imene inatsalira m'thumba la jekete, tinayerekeza nkhope ziwirizo, kenaka iye anayamba kuseka. Nditamufunsa chomwe chamuseketsa, analoza dzanja langa. Ndinali nditavula chipewa changa osazindikira, monga timachitira pamanda kapena pamaso pa mfumu, ndipo ndinali nditaima m'mphepo yozizira dazi lili poyera, ndikulemekeza munthu amene akukumbukiridwa pansanjapo chifukwa chokana kuvula.

Tinakhala pamasitepe a National Gallery kwa ola lathunthu. Anthu ambiri ankathamangira kukajambulitsa pa mikango ya mkuwa imene ili patsinde pa chipilala cha Nelson, ndipo mwa ochepa amene anakweza maso kuyang'ana Chilembwe, ochepetsetsa ndi amene anasendera kukawerenga mawu ofotokoza. Ndabwerera kunyumba ndikudzifunsa ngati chiboliboli chimatha kuyankhula chokha kwa munthu amene sanabwere ndi nkhani yake m'mutu.

Lachiwiri, 25 Okutobala

Tinatsika ndi msewu wa Whitehall wapansi, n'kupeza khamu la atolankhani ndi apolisi pachipata cha Downing Street, chifukwa lero Rishi Sunak wakhala nduna yaikulu yachitatu ya dziko lino m'miyezi iwiri yokha. Sitinaime. Tinapitirira motsatira mtsinje wa Thames mpaka ku Tate Britain, nyumba yoonetsera zaluso, kumene Hew Locke, mmisiri wobadwira ku Edinburgh koma wokulira ku Guyana, wadzaza holo yaitali yapakati ndi chimene wachitcha The Procession: mdipiti wa anthu pafupifupi 150 a msinkhu weniweni, opangidwa ndi makatoni ndi nsalu, ena oyenda pansi, ena okwera akavalo, ena ana oimba ng'oma, onse olowera mbali imodzi.

Ukamaonera patali umayesa chikondwerero. Ukasendera pafupi m'pamene umaona kuti pa madiresi, pa mbendera ndi pa malaya awo pasindikizidwa zikalata zakale za masheya a makampani ndi za ngongole za maboma, zokongoletsedwa m'mbali ndi maluwa ndi zilembo zopotanapotana, pamodzi ndi zithunzi za anthu ogwira ntchito m'minda ya atsamunda. Mapepala amene kale ankatsekeredwa m'mabokosi achitsulo a anthu achuma, osonyeza kuti uje ali ndi gawo la nthaka ndi thukuta la anthu amene sanawaonepo, tsopano avalidwa ndi zidzukulu za anthu omwewo. Nyumba imene zonsezi zikuchitikira inamangidwa ndi ndalama za Henry Tate, amene analemera ndi malonda a shuga. Iye mwini sanakhalepo ndi akapolo, pakuti ukapolo unathetsedwa m'madera a Britain ali mnyamata, koma malonda a shugawo anakulira pamsana pa akapolo, ndipo Locke wadutsitsa mdipiti wakewo pakati pa nyumbayo akudziwa zimenezi.

Ndinakumbukira kampani ya African Lakes, ija timaitcha Mandala, imene inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878. Nayonso inali ndi eni masheya ake, okhala m'nyumba zofunda za ku Scotland, ndipo ndinalakalaka kuona zikalata zawo zitasindikizidwa pa chitenje cha mayi wa ku Thyolo. Komabe ndili ndi kadandaulo. Ntchitoyi ndi yokongola mopitirira, moti anthu ambiri amene ndinawaona ankangoima pafupi ndi chidole chowala kwambiri, kudzijambula ndi foni, n'kumapita. Chikalata chimene chinagulitsa dziko la eni chikasanduka maluwa a pa diresi, ululu wake umachepako. Mdzukulu wanga sanagwirizane nane. Iye akuti chikanakhala chosakongola sakanasendera n'komwe kuti awerenge, ndipo ndalephera kumutsutsa.

Lachitatu, 26 Okutobala

Lero linali tsiku la ntchito imene ndinaibisa mumtima pochoka kumudzi. Agogo anga aamuna, bambo wa mayi anga, anali mtengatenga pa nkhondo ya Chiwaya, ija ya 1914 mpaka 1918. Anagwidwa ndi amesinjala a boma ali mnyamata, anasenza katundu wa asilikali kulowera kudziko lolamulidwa ndi Ajeremani kumpoto kwa Nyasaland, ndipo anabwerako patapita nthawi yaitali ali ndi chipsera pamutu chimene tsitsi silinamerenso. Tili ana tinkachikhudza iwo akagona pamkeka. Ndinaganiza kuti popeza ndafika kumene kuli nkhokwe yaikulu ya makalata a boma la atsamunda, mwina ndingapezeko dzina lawo.

Nkhokweyo ndi National Archives ya ku Kew, nyumba yaikulu yakonkire yokhala ndi dziwe kutsogolo. Munthu amalembetsa ndi ziphaso ziwiri n'kulandira khadi, amasiya chikwama ndi jekete m'kabati, ndipo amalowa ndi pensulo yokha, cholembera cha inki n'choletsedwa. Chipewanso ndinachisiya m'kabati momwemo. Makalata amaitanitsidwa pakompyuta, kenaka umadikira, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Za Nyasaland zambiri zili m'gulu lotchedwa CO 525, momwe muli makalata amene bwanamkubwa ankatumiza ku London pamodzi ndi ndemanga zimene akalaliki a kuno ankalemba akawawerenga. Ndinaitanitsa za m'zaka za nkhondo, nthawi ya bwanamkubwa George Smith, ndipo anandibweretsera mabuku olemera, onunkhira fumbi lakale, amene umawatsamiritsa pa timapilo kuti msana wake usathyoke.

Pali chifukwa chimene Mmalawi amayenera kuwoloka nyanja kuti awerenge zimenezi. Mu 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba n'kupsereza makalata ambiri a zaka zoyambirira za utsamunda, kotero kuti zambiri zimene zinapulumuka ndi zomwe zinali zitatumizidwa kale kuno. Palinso moto wina umene sunali wangozi. Maiko athu atayandikira ufulu, akuluakulu a atsamunda anatentha dala mafailo ena, ndipo ena anawatumiza mwachinsinsi ku Britain n'kuwabisa ku Hanslope Park, mpaka mu 2011 pamene mlandu wa okalamba a ku Kenya amene anazunzidwa nthawi ya Mau Mau unakakamiza boma kuvomera kuti mafailowo alipo. Tsopano ali konkuno ku Kew m'gulu la FCO 141, ndipo a Nyasaland alimo.

Ndinawerenga kuyambira m'mawa mpaka maso atayamba kuwawa. Dzina la agogo anga sindinalipeze, ndipo pofika masana ndinali nditamvetsa kuti sindikanalipeza ngakhale ndikanakhala mwezi. Amtengatenga amatchulidwa ndithu, koma monga manambala: akufunika angati, apezeka angati, athawa angati. Olemba mbiri amati anthu pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland anasenza katundu pa nkhondoyo, aliyense mtolo wa mapaundi 50 kapena 60, ndipo chaka chatha bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondoyo, mwinanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo a kum'mawa kwa Africa ndi ku Egypt, sanakumbukiridwe ndi maina awo, ena sanakumbukiridwe n'komwe. Pamene afika pa kuukira kwa 1915, makalata omwewo amadziwa maina bwino lomwe. John Gray Kufa ndi Duncan Njilima, amene anaphedwa ndi boma chifukwa cha kuukirako, mbiri inawasunga, pakuti woimbidwa mlandu amafunika dzina kuti chigamulo chilembedwe. Kuti munthu wakuda alowe m'nkhokwe iyi ndi dzina lake, ankayenera kulakwira boma kapena kuitanidwa kudzachitira umboni. Womvera, amene anasenza katunduyo mpaka mutu kunyuka, analembedwa pamodzi ndi matumba a mpunga.

Kujambula masamba ndi foni n'kololedwa, ndipo mdzukulu wanga anandijambulira ambiri. Akuchita zimenezo ndinamusimbira za Kambalu yemwe uja, amene anajambula makalata a Gianfranco Sanguinetti, Mtaliyana wa gulu lomwe linkaphunzitsa kuti zaluso ndi zolemba zisakhale katundu wa munthu mmodzi, koma amene pambuyo pake anagulitsa makalata ake ku laibulale ya Beinecke ya yunivesite ya Yale. Kambalu anakaika zithunzizo poyera pa chionetsero chachikulu cha ku Venice mu 2015. Mwini makalatayo anakasuma, khoti la ku Venice n'kuweruza mokomera Kambalu. Mtsikanayo anafunsa ngati ifenso tikuba. Ndinamuuza kuti ajambule msanga nthawi yotseka isanakwane.

Lachinayi, 27 Okutobala

Ndinadzuka wolefuka, ndipo ndikanakonda kukhala pakhomo, koma matikiti a ku Royal Academy anali atagulidwa kale. Kumeneko kuli chionetsero chachikulu cha William Kentridge, mzungu wa ku Johannesburg wobadwa mu 1955, mwana wa loya Sydney Kentridge amene anaimira banja la Steve Biko pa kafukufuku wa imfa yake mu 1977.

Kajambulidwe kake kamafilimu n'kosavuta kukafotokoza. Amajambula ndi makala papepala limodzi, amatola chithunzi, amafufuta pang'ono, amajambulanso, amatolanso chithunzi, motero mpaka zinthu zimaoneka ngati zikuyenda. Koma makala safufutika kotheratu. Munthu akasuntha, pamene anali pamatsala mthunzi wotuwa, ndipo pofika kumapeto pepala lonse limakhala litadzaza ndi zipsera za zimene zinalipo. Aliyense amene anagwirapo choko ndi dasitala pa bolodi lakale la sukulu ya kumudzi amazidziwa zimenezi, pakuti phunziro la dzulo limasuzumirabe pansi pa la lero. Amakondanso kujambula pamasamba a mabuku akale, ndipo ina mwa ntchito zake anaijambula pa buku la ndalama la 1906 la kampani ya migodi ya East Rand Proprietary Mines, mizere ya manambala n'kumaonekera pansi pa zithunzi za zitunda za dothi la kumigodi. Amalume anga awiri anapita ku Joni pa Wenela, choncho mabuku a mtundu umenewo ndimadziwa kuti anthu athu alimo, m'danga la malipiro.

Chimene chinandikhazika pansi ndi kabwalo kakang'ono ka zisudzo koyendetsedwa ndi makina, kotchedwa Black Box/Chambre Noire, ka mu 2005. Timafano tachitsulo ndi tamapepala timalowa ndi kutuluka tokha, zithunzi zikuwalitsidwa kumbuyo, ndipo nkhani yake ndi ya kuphedwa kwa Aherero ndi asilikali a Germany kuyambira mu 1904 m'dziko limene lero ndi Namibia, pamene mkulu wa asilikaliwo, Lothar von Trotha, anawathamangitsira kuchipululu kuti akafe ndi ludzu, ndipo zigaza za ena zinatumizidwa ku Berlin kukayezedwa. Germany inavomera kuti kumeneko kunali kupulula mtundu mu 2021, patapita zaka 117. Kentridge sakuwonjezerapo umboni watsopano. Akugwiritsa ntchito mapu, mindandanda ndi zoyezera za anthu omwe anachita zimenezo, koma waziika pamodzi ndi nyimbo zokoma za Mozart, kuti woonera amve m'thupi mwake kuti dzanja lolemba mwaudongo ndi dzanja lopha linali limodzi. Dzulo ndinali ndi mapepala otere m'manja mwanga kwa maola asanu ndi limodzi, koma misozi inabwera lero, pamaso pa tizidole ta mawaya.

Pali ntchito ina ya mkuluyu imene sindinaione ndipo mwina sindidzaiona. Mu 2018 anachititsa sewero lalikulu ku Tate Modern lotchedwa The Head & the Load, lonena za amtengatenga a mu Africa pa nkhondo yomwe ija, ndipo mwa mawu amene anagwiritsa ntchito munali kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, nkhondo itangofika ku Karonga. M'kalatamo ananena kuti kunkhondo kupite anthu olemera, eni mabanki, eni masitolo ndi eni minda, osati amphawi a mu Africa amene akafa amangosiya mzere wa amasiye, ndipo boma linaitsekereza kuti isafalikire. Ndinamva kansanje pang'ono poganiza kuti nkhani ya agogo anga inasimbidwa ndi mzungu wa ku Joni kwa anthu a ku London. Nditaganizira bwino ndinaona kuti mlanduwo si wake. Ine ndinali ndi kalasi yodzaza ana kwa zaka 34, ndinali ndi chipsera chimene ndinachikhudza ndi chala changa, ndipo sindinawauzepo.

Lachisanu, 28 Okutobala

Mawondo akudandaula, choncho lero tinayenda pang'ono. Tinapita ku Tate Modern kuti ndikaone holo imene seweroli linachitikira, ndipo tinapeza muli zinthu ziwiri zoyererako zolendewera kuchokera kudenga, zotalika mamita 27, zolukidwa ndi ubweya, zingwe ndi ulusi wa zomera, zooneka ngati mitengo youma. Mwini wake ndi Cecilia Vicuña wa ku Chile, amene anakhala kuno ngati wothawa kwawo asilikali atalanda boma mu 1973. Watengera quipu, zingwe zamfundo zimene anthu a kumapiri a Andes ankasungira mawerengero ndi mbiri yawo, zimene Asipanishi atafika anawononga zambiri. Lero akatswiri amatha kuwerenga manambala a pa zingwe zimene zinatsala, koma nkhani zake zinapita ndi eni ake. Manambala kutsala, nkhani kutayika: ndinaganiza za Lachitatu. Ntchitoyo payokha sinandigwire mtima ngati ya dzulo, mwina chifukwa cha kutopa, ndipo ndinathera nthawi yambiri pabenchi ndikuyang'ana ana akuthamangathamanga pansi pake.

Loweruka, 29 Okutobala

Mwana wanga anaitana Amalawi anzake angapo kuti adzandione, ndipo panali nsima ya ufa woyera umene ndinabwera nawo, usipa ndi nyemba. Nditangotchula za chiboliboli, nkhani inakula kuposa ndiwo.

Bambo wina wa ku Dedza anayamba ndi dzina. Ntchitoyi Kambalu anaitcha Antelope, ndipo alendo ambiri amafunafuna nyama pansanjapo osaipeza, koma mwana wa Achewa amadziwa kuti akunena Kasiyamaliro, chilombo chachikulu cha Gule Wamkulu. Bamboyo anayankhula mosamala, monga munthu wodziwa pamene ayenera kulekezera, n'kutikumbutsa kuti Gule ndi nkhokwe yathu ya mbiri kuyambira kale. Mzungu atafika analowa m'bwalo ngati Simoni wa nkhope yofiira, ndipo galimoto itafika nayonso inalowa. Chimene mudzi waona, Gule amachivina kuti chisaiwalike. Anawonjezera kuti zilombo zikuluzikulu sizisungidwa mpaka kalekale, ntchito yake ikatha zimatenthedwa, zina n'kudzapangidwanso pakafunika. Choncho iye sakudandaula kuti Chilembwe adzatsitsidwa pansanjapo mu 2024 kuti pabwere ntchito ya mmisiri wina. Akuti ziboliboli zokhalitsa ndizo zimaiwalika, ndipo anatifunsa kuti ndani mwa ife, ngakhale amene akhala kuno zaka 20, ankadziwa dzina la Havelock. Palibe anayankha.

Mayi wina wa ku Chiradzulu sanakhutire. Iye anafunsa kuti n'chifukwa chiyani chinthu chotere chaima ku London, kumene mwana wa ku Mbombwe sangachione popanda viza ndi ndalama za ndege, ndipo anati makalata athu ali kuno, chiboliboli chathu chili kuno, ife kwathu tatsala ndi tchuthi cha pa 15 Januwale ndi nkhope ya pa ndalama. Mnyamata wina wophunzira zamalamulo anabweretsa mbali yovuta kwambiri. Iye anati chiboliboli chikuonetsa m'busa waulemu wa 1914, koma sichikunena kuti miyezi yochepa pambuyo pake anthu ake anapha William Jervis Livingstone ku Magomero n'kumudula mutu pamaso pa mkazi wake, ndipo Lamulungu lotsatira Chilembwe analalikira mutuwo uli poonekera. Anafunsa ngati kukuza chithunzi chimodzi si njira inanso yobisira zithunzi zina.

Onse anatembenukira kwa ine monga mphunzitsi. Ndinayankha kuti mnyamatayo sakunama, ndiponso kuti mutu ukakula sulewa nkhonya: munthu akaikidwa pansanja ya mamita ambiri chonchi, mafunso onse ayenera kumupeza. Koma ndinati nkhani ya ku Magomero sinasowepo oisunga, pakuti boma linailemba mwatsatanetsatane, linagumula tchalitchi chija, linapha anthu ambiri ndi kumanga ena pafupifupi 300. Napier ndi Havelock aima pabwalo lomwelo kwa zaka zoposa 150 popanda wofunsa kuti anapha angati. Chimene chinalibe osunga ndi chipewa, ndiko kuti zonyoza zazing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku zimene zinaunjikana mpaka munthu wophunzira ku Lynchburg ku America, wovala suti ndi tayi, anafika poganiza kuti kufa kuli bwino. Mnyamatayo anati yankho langa ndi la theka, ndipo ndikuvomereza. Tinabalalika usiku kwambiri tisanagwirizane, mbale zonse zili mbee.

Lamulungu, 30 Okutobala

Usiku wapitawu mawotchi a kuno abwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi, choncho ndinadzuka kusanache ndipo ndinakhala ndekha kukhitchini ndikuyang'ana masamba a ku Kew pa foni. Titaweruka kutchalitchi, mdzukulu wanga anati tibwerere ku Trafalgar Square, chifukwa ali ndi chimene akufuna kuchita.

Anandiimika patsinde pa nsanja, anaonetsetsa kuti chipewa chili kumutu, anayatsa foni yake n'kunena kuti, "Agogo, tchulani dzina la agogo anu aja, ndi mudzi wawo, ndi zonse zimene mukukumbukira." Ndinatchula dzina lawo, mfunda wawo, mudzi ndi mfumu yake. Basi yofiira inadutsa ndi phokoso, ndiye anandibwerezetsa, kenaka anati nditchule chilembo chimodzichimodzi kuti asadzalakwitse polemba. Ndinasimba za amesinjala, za mtolo, za chipsera, za mmene ankakanira kudya mpunga moyo wawo wonse, ndi za anzawo awiri a m'mudzimo amene sanabwerere, omwe maina awo ndinadabwa kuti ndikuwakumbukirabe. Zonse zinakwana mphindi 11. Mayi wina wachizungu anaima chapatali n'kumamvetsera ngakhale sankamva chilichonse, kenaka anakweza maso kuyang'ana chibolibolicho n'kupita kukawerenga mawu aja.

Mtsikanayo anatumiza kanemayo pa gulu la WhatsApp la banja lathu tisanakwere n'komwe sitima. Pofika madzulo, mlongo wanga wamkulu, amene ali ndi zaka 76 ndipo sanachokepo kumudzi, anali atatumiza mawu ake a mphindi zisanu ndi ziwiri kudzera pa foni ya mdzukulu wake. Akuti ndalakwitsa. Agogo sanapite kumpoto, anapita kum'mawa, kudziko la Apwitikizi, chakumapeto kwa nkhondo. Akuti amene sanabwerere anali atatu, osati awiri, ndipo wachitatuyo anali mchimwene wawo weniweni wa agogowo, amene dzina lake ndi lomwe anandipatsa ine pobadwa. Akutinso pali nyimbo imene ankaimba akaledzera, ndipo anayamba kuiimba, koma pakati pake anatsokomola, n'kunena kuti mbali yotsalayo akafunsa kwa msuweni wathu wa kutsidya kwa mtsinje mawa kukacha.